Wapolisi wolemba umboni wa mzukwa

Wapolisi wachinyamata amusiya kuti alondere pamalo pomwe papezeka mtembo wopanda mutu. Ndi usiku, kukuzizira kolowa m'mafupa, ndipo mnzake wapita kukagula khofi. Mosakhalitsa, pakhonde la tchalitchi pakutulukira kamunthu kakafupi kovala zamakedzana, n'kumuuza kuti chiwembu chonsecho chachitika iko kakuona. Wapolisi uja poyang'anitsitsa akupeza kuti kamunthuko kakuonekera kuseri ngati utsi. Ndi mzukwa. Inu mukadatani? Ambirife tikadaliyatsa liwiro, chipewa cha boma n'kutsala pomwepo. Koma mnyamatayu akupisa dzanja m'thumba, kutulutsa kabuku kake, n'kuyamba kuufunsa mzukwawo dzina, komwe umakhala ndi zomwe waona.

Umu ndi momwe likuyambira buku la Rivers of London, kunena kuti mitsinje ya mu London, lomwe mlembi wa ku England, Ben Aaronovitch, adatulutsa m'chaka cha 2011. Tchalitchicho ndi cha St Paul's cha ku Covent Garden, chomwe chilipodi mpaka lero. Wapolisiyo ndi Peter Grant, mwana wa mayi wa ku Sierra Leone wokolopa m'maofesi ndi bambo wachizungu woimba nyimbo za jazz, yemwe mankhwala ozunguza bongo adamugwira pakhosi kalekale. Mabwana ake adali atakonza zomutumiza ku nthambi yolemba mapepala a milandu, komwe wapolisi amatha kukalamba osathamangitsako mbava ndi imodzi yomwe. Mzukwa uja ndiwo udamuombola, chifukwa pobwerera kukaufunafuna adakumana ndi Inspekitala Thomas Nightingale, wamatsenga yekhayo wotsala amene boma la England likumudziwa, ndipo mkuluyu adamutenga kuti amuphunzitse ntchito.

Mabukuwa adandipeza m'nyengo yozizira, ali 6 m'katoni imodzi yochokera kwa mlamu wanga amene akugwira ntchito ku Britain. Ndidawamaliza m'masabata atatu, kutula ili n'kutola linalo, magetsi akazima n'kumapitiriza ndi kuwala kwa foni. Pambuyo pa loyamba lija pali Moon Over Soho la 2011 lomwelo, Whispers Under Ground la 2012, Broken Homes la 2013, Foxglove Summer la 2014 ndi The Hanging Tree la 2016. Ena otsatira, monga Lies Sleeping la 2018 ndi False Value la 2020, ndidachita kuwasaka pambuyo pake ngati munthu wosaka mankhwala a mwana wodwala. Sabata ino ndati ndikambe za kukoma kwa kawerengedwe kotereka, kosapumira, chifukwa ndaona kuti n'kosiyana ndi kukoma kwa buku limodzi loima palokha.

Buku loima palokha lili ngati ulendo wa kwa eni. Umafika, amakulonjera, umaphunzira mayina, ndipo pomwe wayamba kuzolowera ndi pomwe umatsanzika. Mabuku otsatizana ali ngati kusamukira m'mudzimo. Pofika buku lachitatu palibenso wokulonjera. Ukudziwa kale kuti nyumba ya apolisi amatsengawa, yotchedwa Folly, ili ku Russell Square, ndipo ndi chinyumba chachikulu chomwe kale chinkadzaza ndi amatsenga koma pano mwatsala anthu owerengeka ndi galu mmodzi, Toby. Ukudziwa kuti Molly, wosamala nyumbayo, sayankhula, sayenda ngati munthu, ali ndi mano akuthwa ochuluka kuposa a munthu, koma amaphika chakudya chokwanira gulu la asilikali. Ukudziwa kuti Nightingale adabadwa mu 1900 koma akuoneka wa zaka 40 zakubadwa, ndipo kuti ukatchula Ettersberg, komwe anzake ambiri adathera pankhondo mu 1945, nkhope yake imagwa. Mlembi akangoti Molly waima pakhomo akuyang'ana, iwe waseka kale, pomwe mlendo amene wayambira buku limenelo sakuona choseketsa.

Amene tidakula tikudikira Sewero la Sabata Ino pa wailesi timakudziwa kukoma kwa kudikira, ndipo sindikukunyoza. Koma kudikira kumaiwalitsa. Amene ankagula mabukuwa akamatuluka adakhala zaka ziwiri pakati pa lachisanu ndi lachisanu ndi chimodzi. M'zaka ziwiri munthu amakwatira, kubereka, kusamuka nyumba, ndipo dzina lomwe lidatchulidwa kamodzi m'buku lachiwiri silingakhalenso m'mutu. Kwa ine dzinalo lidali la Lachiwiri lapitali. Litatulukiranso ndidalizindikira msanga ngati munthu amene adandibwereka ndalama.

Apa ndiye pagona nkhani. Nthano yofufuza mlandu ndi mpikisano pakati pa mlembi ndi wowerenga. Mlembi amamwaza zizindikiro, iwe n'kumatola, cholinga chako chili choti umudziwe wakupha wapolisi asadamutchule. Tsono mukalowetsamo matsenga, mpikisanowo utha kufa. Ngati wakupha angathe kulowa m'nyumba yokhoma, kusanduka fisi, kuuluka pa lichero kapena kupha ali kutali popanda malire alionse, ndiye kuti aliyense angathe kukhala wolakwa ndipo palibe chofufuza. Mabuku ambiri a mtunduwu amagwera m'dzenje limeneli: mlembi akathedwa nzeru amangotulutsa tsenga latsopano patsamba lomaliza, wowerenga n'kutsala kukamwa kuli yasa ngati wabetsa pa juga.

Aaronovitch adalizemba dzenjeli powapatsa matsenga ake malamulo, ndipo malamulowo sawaphwanya. M'nthanoyi, amene adayala matsenga a ku England m'ndondomeko ndi Isaac Newton, yemwe uja wa sayansi amene adatulutsa buku lake lotchuka mu 1687. Mlembi sadatole dzinali mwangozi, pakuti Newton weniweniyo adathadi zaka zambiri akufufuza mwakabisira za kusandutsa zitsulo wamba kukhala golide. Choncho matsenga a m'mabukuwa ndi sukulu. Amafuna Chilatini, amafuna kubwereza chinthu chimodzi kambirimbiri, ndipo Nightingale amamuuza Peter kuti maphunzirowo ndi a zaka 10. Peter amavutika masabata ambiri kuti angoyatsa kakuwala kamodzi m'dzanja lake. Pophunzira kunyamula zinthu osazigwira, maapulo amamuphulikira kumaso.

Lamulo lina ndi loti matsenga amasiya fungo. Pamalo pomwe achitika pamatsala kanthu kena komwe wophunzitsidwa amakamva: kafungo ka fodya, kanyimbo kapatali, kuseka kwa munthu amene palibe. Miyala imasunga zimenezi nthawi yaitali, thupi la munthu limataya msanga, choncho wapolisi ayenera kufika pa mtembo mwachangu. M'buku lachiwiri, Peter akuweramira mtembo wa woimba wina n'kumva nyimbo ya jazz ikuchokera m'thupimo, ndipo chifukwa adakulira m'nyumba ya woimba, kufufuza kwake kukuyambira pa funso loti nyimboyo ndi iti ndipo adaijambula ndani. Lamulo linanso ndi loti matsenga amaononga tizipangizo ta m'kati mwa foni ndi kompyuta, n'kutisandutsa mchenga, kupatula ngati wachotsa batire. Ndipo wochita matsenga mopyola muyeso ubongo wake umanyala n'kufa nazo. Dokotala Abdul Haqq Walid, Msilamu wa ku Scotland wopima mitembo yotereyi, amasunga maubongo oterowo kuti aziwaonetsa ophunzira ofuna kuthamanga.

Tsono taonani chomwe chimachitika ukawerenga mosapumira. Malamulowa amakhazikika m'mutu ngati malamulo a bawo. Pofika buku lachinayi, munthu wina akangodandaula kuti foni yake yafa mwadzidzidzi, iwe wadzuka kale pampando. Wapolisi wa m'bukumo sadanene kanthu, mlembi wangodutsa ngati sadaone, koma iwe wadziwa kuti pamalopo pachitika zinthu. Kukoma kumeneku, kodziwa chinthu tsamba limodzi wapolisi asadachidziwe, ndi komwe kumakugoneka mochedwa. Nthawi zina umapezeka kuti mlembi wakutchera dala msampha pogwiritsa ntchito lamulo lomwelo, ndipo kugwidwa kotero nako kumakoma, chifukwa ukabwerera m'mbuyo umapeza kuti sadakunamize paliponse. Chizindikiro chidalipo, iwe unkayang'ana kwina.

Peter mwiniyo ndi munthu wa mafunso. Mphunzitsi wake amangodziwa kuti foni imafa. Peter amafuna adziwe kuti imafa ikakhala pa mtunda wotalika bwanji. Amagula timakina towerengera masamu totchipa, kutiyala pa mitunda yosiyanasiyana, kuchita tsenga lake, kenaka n'kutitsegula kuti aone tomwe tapsa. Mkulu wa zaka zoposa 100 amangopukusa mutu. Ine mbali imeneyi ndimaikonda kuposa ndewu zonse za m'mabukuwa.

Za mitsinje ija ndiye zimandifika pamtima mwa njira ina. M'nthanoyi mtsinje ulionse wa mu London uli ndi mwini wake, mzimu wooneka ngati munthu, woyenda pa galimoto ndi kuyankha foni. Mwini wa Thames wakumunsi, mbali yomwe madzi a m'nyanja amafika, ndi Mama Thames, mayi wa ku Nigeria amene adabwera ku London mu 1957 kudzaphunzira unamwino. Zinthu zitamuvuta adapita pa mlatho kuti akadziponye m'madzi, ndipo mtsinjewo, womwe udali wopanda mwini, udamutenga. Udali wopanda mwini chifukwa nkhalamba yomwe inkaulamulira idathawira kumtunda mu 1858, ana ake atafa ndi uve wa mumzinda. Chaka chimenechi si chopeka. M'chilimwe cha 1858 mtsinje wa Thames udanunkha zonyansa za anthu mpaka aphungu a nyumba ya malamulo, yomwe ili m'mphepete mwake, adalephera kupirira, ndipo ndi pomwe adavomereza ndalama zoti Joseph Bazalgette amange ngalande zikuluzikulu za pansi pa nthaka. Mitsinje ing'onoing'ono monga Fleet, Tyburn ndi Effra idakwiriridwa, ndipo mpaka lero ikuyenda pansi pa misewu anthu akuponda pamwamba osadziwa. Msewu wa Fleet Street, komwe kale kudali likulu la nyuzipepala za ku Britain, udatenga dzina ku mtsinje wokwiriridwawo.

Aaronovitch adaitenga mitsinje imeneyi n'kuisandutsa ana aakazi a Mama Thames. Tyburn, yemwe dzina lake ndi lomwenso la malo omwe ankanyongerako anthu mpaka 1783, ndi mayi wophunzira ku Oxford, wodziwana ndi akuluakulu a boma, wosafuna kuseka ndi wapolisi wamba. Beverley Brook ndi mtsikana wa makani amene nkhani yake ndi Peter imakula pang'onopang'ono buku ndi buku, ndipo iyi ndi ina mwa mphoto za wowerenga motsatiza. Ntchito yoyamba yaikulu ya Peter ndi kuyanjanitsa banja la kumunsi ndi la kumtunda, omwe akulimbirana malire pa Teddington. Popita kwa Mama Thames sapita chimanjamanja: akutenga lole yodzaza ndi mowa wa Star wa ku Nigeria. Ndipo asadalandire chakudya kapena chakumwa m'nyumba ya mzimu ulionse, ayenera kuyamba wamva mwini nyumba akulonjeza kuti chakudyacho chilibe ngongole, apo ayi akhala kapolo wa pakhomopo moyo wake wonse.

Mzungu wowerenga zimenezi mwina amaziona zachilendo. Ife amene tidamva agogo akunena kuti Napolo wadutsa pomwe madzi adakokolola midzi ku Phalombe mu 1991, amene tikudziwa kuti kwa wamkulu supita wopanda kanthu m'manja ndipo kwa eni sudya chilichonse chomwe wapatsidwa, timangogwedeza mutu. Chimodzimodzi mayi ake a Peter. Ndiwo zawo ndi za tsabola wotulutsa misozi, ndipo Peter ali mwana zidole ndi zovala zake zinkatha kusowa m'nyumba, kufufuza n'kupeza kuti zidapakiridwa kale kupita kwa abale ku Sierra Leone. Aliyense amene ali ndi mbale kunja akudziwa katoni imeneyo. Mabuku anga omwewa adabwera momwemo.

Mkulu wina wa kumpingo kwathu ataona chikuto cha limodzi mwa mabukuwa adandifunsa ngati n'koyenera kuti munthu wopemphera azitha usiku akuwerenga za amatsenga. Funsolo sindidalipeputse, chifukwa kwathu kuno nkhani zoterezi si zoseweretsa. Tikukumbuka 2017, pomwe mphekesera za anamapopa zidaphetsa anthu ku Mulanje, ku Phalombe ndi madera ena, popanda ndi mmodzi yemwe wogwidwa ndi dontho la magazi a munthu. Timawerenga m'nyuzipepala muno za agogo otenthedwera nyumba kapena kuphedwa kumene chifukwa mwana wadwala mutu kapena mphenzi yagwa. Kwa ife mawu oti mfiti ali ndi mitembo kumbuyo kwake.

Ndidamuyankha kuti chomwe chimandigwira m'mabukuwa ndi chosemphana ndi zimenezo. M'dziko la Peter Grant matsenga alikodi, palibe wokayika, komabe palibe amene amaloledwa kuloza munthu chala popanda umboni. Woganiziridwa amamangidwa motsata lamulo, amauzidwa ufulu wake, amafunsidwa mafunso mawu ake akujambulidwa. Apolisi amayenda khomo ndi khomo, kuonera makamera a m'misewu maola ambirimbiri, kulemba chilichonse m'kompyuta. Mdani wamkulu wa m'mabukuwa, wamatsenga wobisa nkhope, amatha mabuku angapo asakudziwika dzina, osati chifukwa ndi wamphamvu chabe, koma chifukwa kumuganizira munthu ndi kumupeza ndi umboni ndi zinthu ziwiri zosiyana. Ndipo akadziwika, si nkhalamba yosauka ya kumapeto kwa mudzi. Ndi munthu wophunzira bwino, wa ndalama, wovala suti. Ukatha masabata atatu uli m'mutu mwa wapolisi wotere, funso loti “wadziwa bwanji?” limayamba kukutuluka lokha pakamwa, ngakhale pa nkhani za m'minibasi.

Pali kachinthu kena ka mbiri komwe kamandiseketsa pamenepa. Lamulo lathu la za ufiti ndi la 1911, la nthawi ya atsamunda, ndipo limaletsa kumunena munthu kuti ndi mfiti komanso kudzitcha kuti uli ndi mphamvu zoterezo. Maganizo amenewa adachokera kwawo komweko: lamulo lawo la 1735 lidathetsa kunyonga mfiti n'kuyamba kulanga odzitcha amatsenga, ndipo lidakhalapo mpaka 1951. Tsono mdzukulu wa anthu omwe adatiuza kuti ufiti kulibe ndi amene walemba mabuku oika nthambi ya matsenga m'kati mwa polisi ya London. Apolisi anzawo a m'nthanoyi safuna n'komwe kumva mawu oti matsenga. Mkulu wina wofufuza milandu yakupha, Seawoll, amachita kukwiya akawamva, ndipo pa wailesi ya polisi milandu yotere amangoitchula kuti Falcon, monga momwe ife kuchipatala timanong'onezerana kuti matendawa ndi zachikuda.

Kuwerenga kosapumira kuli ndi mtengo wake, ndipo wina amaulipira ndi mlembi. Zomwe wowerenga wa chaka ndi chaka sangazione, iwe umaziona zonse. Buku lililonse limafotokozanso za fungo la matsenga lija ngati kuti sudamvepo, ndipo pofika kachisanu umangolumpha ndimeyo. Peter adafuna kukhala wojambula mapulani a nyumba koma sizidatheke, choncho nyumba iliyonse yomwe walowa ayenera kuitchula chaka chomwe idamangidwa ndi kuinyoza kapena kuitama. Poyamba zimakoma, pakutha pa sabata yachiwiri zimakhala ngati mlendo wobwereza nthabwala imodzi pa chakudya chilichonse. Mayina achidule a nthambi za polisi ndi ochuluka ngati a mabungwe a chitukuko. Ndipo milandu imayamba kusakanikirana m'mutu. Mutandifunsa lero kuti mnyamata wa ku America wophedwa pa siteshoni ya sitima za pansi pa nthaka ya Baker Street ali m'buku liti, ndiyankha kuti lachitatu, koma ndiyamba ndawerenga zala. False Value, momwe Peter akukalowa ntchito ya ulonda pa kampani ya makompyuta kuti afufuze mobisa, ndidaliona lozizirirapo. Mwina likadandikomera ndikadalipeza nditapuma.

Wina amaulipira ndi a pakhomo pako. Munthu amene ali pakati pa mabuku otere amayankha “eya” pa funso lililonse, amapsereza ndiwo, ndipo m'mawa amafika ku ntchito maso ali psuu ngati wachokera ku maliro. Chinyengo chake n'choti mitu ya m'mabukuwa ndi yaifupi bwino, yotha pomwe chitseko changotseguka kumene, ndiye umadziuza kuti ungoona yemwe walowa.

Mabukuwa ali m'Chingerezi, ndipo n'Chingerezi cha m'misewu ya London, cha nthabwala zobisika, chomwe chimafuna masamba angapo kuti khutu lizolowere. Amene amakonda kumvera m'malo mowerenga, adawajambulanso m'mawu, ndipo wowerenga wake ndi Kobna Holdbrook-Smith, katswiri wa zisudzo wobadwira ku Ghana, amene amatha kusintha lilime kuchoka kwa mayi wa ku Freetown kupita kwa bwana wa ku Oxford m'mpweya umodzi. Yambirani loyamba ndipo musadumphe, chifukwa chomwe chikumuchitikira Lesley May, wapolisi mnzake wa Peter uja adapita kukagula khofi, kumapeto kwa buku loyamba ndi chomwe chikuyendetsa mabuku onse otsatira.

Chenjezo langa lili pa lachinayi, Broken Homes. Musaliyambe ngati lachisanu silili pafupi. Masamba ake omaliza ali ndi chinthu chomwe sindingachiulule pano, choti ukachiwerenga umabwerera m'mbuyo mpaka ku buku lachiwiri kukafufuza pomwe chidayambira, n'kupeza kuti mlembi adakhala akuchiyala poyera nthawi yonseyi. Ine ndidatseka bukulo cha m'ma 2 koloko usiku n'kutsegula lachisanu nthawi yomweyo kuti ndimve zotsatira. Aaronovitch, mwa nkhanza zake, m'buku limenelo akumuchotsa Peter mu London n'kumutumiza kumidzi ya ku Herefordshire, kufupi ndi malire a Wales, kukathandiza kusaka atsikana awiri osowa, kutali ndi Nightingale, kutali ndi funso lomwe likukuotcha. Amene adadikira chaka chathunthu kuti amve yankho, mu 2014 adalandira minda, njuchi ndi akavalo olusa a nyanga imodzi pamphumi, osaoneka ndi maso kupatula mwezi ukawala.